Chibwenzi Changa cha ku Limbe

Ndinagwira ntchito pachigayo china ku Milepa zaka zinayi, m'ma 1970. Yanga inali kuthira chimanga ndi kugwirira thumba kukamwa kwa chigayo. Pofika masana ndinkayera mbuu mpaka nsidze, makutu ali ngwee. Eni chigayo, bambo wina wachikulire ndi akazi awo, sanali anthu oipa ayi, ndinkadyera pakhomo pawo ngati mwana. N'chifukwa chake nditamva kuti kampani ina ya malole ku Limbe ikulemba anyamata, pakamwa panandilemera. Ndinaganiza zongofunsira mwakachetechete.

Vuto linali keyala, poti makalata anga ankadzera m'bokosi la abwanawo. Ndinalemba ya kutchalitchi, kuiwala kuti kumeneko makalata amawagawa Lamulungu mapemphero akatha, anthu onse ali pompo. Yanga itafika, mkulu wa mpingo anaikweza m'mwamba n'kulengeza kuti, "Iyi yachokera ku Limbe!" Mayi a kuchigayo aja anatembenuka pabenchi la azimayi n'kundiyang'anitsitsa.

Tsiku limene a kampani aja anandiitana ndinanamizira dzino. Ndinasamba kawiri, kukolokosa ufa m'makutu ndi kamtengo ka machesi, n'kubwereka jekete kwa msuweni wanga. Ndinalambalala chigayo podzera njira ya kumunda, koma kumeneko n'kumene ndinakumana ndi mayiwo atasenza nandolo.

"Dzino lakelo likufuna jekete?" anandifunsa.

Ndinangogwira tsaya n'kupitirira.

Ku Limbe kalaliki anandifunsa dzina, ine n'kuyankha mokuwa monga ndinazolowera pachigayo. Iye analumpha pampando.

"Achimwene, ndili pompanotu ine, sindili ku Chiradzulu!"

Tinamvana ndithu, koma pomaliza anati ndibwere ndi kalata yochokera kumene ndikugwira ntchito. Ndinabwerera kumudzi. Kalata imeneyo ndikanaipempha bwanji?

M'mawa mwake mayi aja anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe, usandibisire. Makalata a ku Limbe, jekete, kusamba kawiri. Ndi mwana wa yani?"

Ndinaona kuti mpata wothawira ndi womwewu. "Ndi wa konko ku Limbe, mayi."

Anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika. Kuyambira pamenepo mafunso sanathe. Amapemphera kuti? Kwawo kwenikweni n'kuti? Amatha kuphika kalongonda? Ine ndinkangoumba. Ndinamupatsa mpingo, ndinamupatsa amalume a ku Namitambo, ndinamupatsanso kampata kumano. Tsiku lina ndinaiwala n'kunena kuti ndi wamtali, mayi n'kundikumbutsa kuti dzana ndinati wamfupi. Sabata isanathe, azimayi obwera kudzagayitsa ankandiitana kuti akamwini.

Kenaka abambo aja anazimitsa injini masanasana, chinthu chimene sankachita wamba, n'kundikhazika pathumba la chimanga.

"Ndamva nkhani yako. Tsono chikamwini ukachitira ku Limbe?"

"Zikuoneka choncho, bambo."

"Nanga mwana wa eni ukamudyetsa chiyani? Ku tauni kulibe munda. Uyambe kufunafuna ntchito konko, usamangogona. Ine ndikulembera kalata."

Anailembadi tsiku lomwelo, kunditama zinthu zimene ngakhale ine sindinkazidziwa. Anandipatsanso Lachisanu lonse kuti ndikayendeyende m'maofesi, n'kundilangiza kuti ndikayesenso kumakampani a malole. Ndinayankha kuti ndikayesa. Ntchito ndinaipeza, yokweza ndi kutsitsa katundu.

Koma mtima sunakhale m'malo. Mayi anali atayamba kale kuuza anzawo a chigwirizano za nyimbo za paukwati, ndipo abambo ankafunsa tsiku lokaonana ndi amalume a ku Namitambo aja. Kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, ndinawapeza awiriwo pakhonde akusenda chinangwa. Ndinagwada n'kuulula zonse, kuyambira pa dzino.

Abambo anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwee. "Ndiye kuti ndinakuthamangitsa ndekha pantchito, kalata n'kulemba ndekha!"

Mayi sanaseke. Anaika mpeni pansi. Ine ndinkadikira kuti andikalipira za ntchito, zoti ndawathawa atandisunga zaka zonsezi.

"Za ntchitozo n'zako," anatero. "Koma mtsikana uja ndinali nditamukonda kale."

Anandilongezera chinangwa ndi nandolo wa paulendo, koma sanandilankhulenso mpaka basi inanyamuka.