Ana a pa Zenera

Asisi anga akamaphunzitsa, kalasi yoyandikana ndi yawo imadandaula. Zaka khumi ndi zinayi akhala akukankhira madesiki kukhoma kuti ana asewere phunziro: uyu mtima, awa mapapo, enawo magazi othamanga pakati pa mipando. Aphunzitsi anzawo amawatcha Mayi Phokoso, ndipo iwo amavomera osanyinyirika.

Chaka chatha ahedi anatopa nazo.

"Madamu, ndionetseni umboni woti masewerowa amathandiza. Apo ayi, temu ya mawa madesiki asasunthenso."

Anaputa olakwika. Asisi ankachita maphunziro apamwamba Loweruka lililonse, ndiye nkhaniyi anaisandutsa kafukufuku wawo. Anaunjika zolemba za ofufuza ena patebulo langa lodulira nsalu, ine telala mpaka kumadulira pansi. Ambiri mwa ofufuzawo ankatsata njira imodzi: gawani ana pawiri, ena aphunzire mwa sewero, ena ndi choko basi, kenako onse alembe mayeso amodzi.

Anaterodi. Kalasi A sewero, kalasi B choko. Patatha masabata asanu ndi limodzi, makalasi onse anakhoza bwino, mofanana ndendende.

"Ndalakwitsa pati, iwe?" anandifunsa, mapepala ali m'manja. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ngakhale kuwaseka sindinaleke.

Anadziwa chifukwa chake tsiku lina pa buleki, atamva chidebe chikulira kuseri kwa kalasi. Kusuzumira, anapeza ana a B atajambula mitsempha padothi, akuthamanga. Masabata onsewo ankaonerera sewero la ana a A pa zenera, n'kumakabwereza okha. Woimba chidebe, mtima wa gululo, anali kamtsikana koti m'kalasi sikanayankhepo funso.

Mkulu woyang'anira kafukufuku wawo sanasangalale. "Mayi, magulu anu asakanikirana. Yambiraninso, koma mutseke mazenera."

"Nditsekere mwana zenera kuti pepala langa likongole? Ayi, bwana. Ndilemba zimene zachitikazi."

Ahedi nawo anaona manambala ofanana aja n'kunena kuti umboni palibe, nkhani yatha. Asisi sanatsutse. Anangowapempha kuti pa buleki ayende nawo pang'ono.

Anakaima kuseri kuja. Chidebe chikulira, magazi akupita kumapapo n'kubwerera, popanda mphunzitsi, popanda chikwapu.

"Anawatuma ndani?" anafunsa ahedi.

"Palibe, bwana. Inu munaonapo mwana akuba phunziro la choko?"

Ahedi anayandikira kuti aonetsetse. Chidebe chinasiya kulira, ana onse n'kuima. Kamtsikana kaja kanagwada.

"Pepani sala, mwaponda mtsempha. Magazi akaima, munthu afa."

Ahedi anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana asisi, kenako anasuntha.