Moni wa Nellie Umene Sunkayankhidwa

Chikwama chopitira ku Joni chinali chitagulidwa kale. Chinali pakona m'chipinda cha Nellie ku Lirangwe, pafupi ndi bokosi lake la zipangizo zamagetsi. Azakhali ake, a Miriam, anali atamupezera ntchito yam'nyumba kumeneko, ndipo galimoto inkayenera kunyamuka pakutha pa mwezi. Mwana wake Tawina, wa zaka zinayi, anali woti atsale ndi agogo ake.

Inu amene mwatopa ndi kufunafuna ntchito, mverani bwino nkhani imeneyi, chifukwa mwina cholakwa cha Nellie chili m'foni mwanumo.

Nellie anaphunzira zamagetsi pasukulu ya ntchito zamanja, makamaka kuika masola, ndipo anakhoza bwino. Koma zaka zitatu zinadutsa setifiketi ili m'envulopu, iye akugulitsa tomato pamsika.

Sikuti ankangokhala manja lende. Akagula bandulo ankafufuza pa Facebook eni makampani ndi akuluakulu a ntchito zamagetsi. Akampeza mmodzi, ankamulembera kuti, "Muli bwanji bwana?" Basi, n'kuyamba kudikira.

Mtsikanayu analeredwa bwino, ndipo vuto linagona pamenepo. Kwathu kuno sufika pakhomo pa munthu wamkulu n'kuyamba kutula nkhani. Umaodira, akupatse mpando, akulonjere, kenako akufunse chomwe wadzera. Nellie anatenga mwambo wonsewo n'kuulowetsa m'foni. Bwana akapanda kuyankha, mawa lake ankalemba kuti, "Mwadzuka bwanji bwana?" Mkuja, "Mwaswera bwanji?" Kunena nkhani asanayankhidwe moni ankakuona ngati chipongwe.

Pa tsamba lake la pa Facebook dzina linali Mwana Wodalitsika, chithunzi chinali cha duwa. Anali ataika masola kutchalitchi kwawo, pagolosale ina ndi panyumba zingapo, koma sanajambuleko ngakhale imodzi. Mayi ake, a Rosemary, ankamuuza kawirikawiri kuti, "Ntchito ya manja ako usamaionetse. Ansanje ndi ambiri, angakutsekere mwayi."

Kutatsala masabata awiri kuti anyamuke, kunali chinkhoswe cha msuweni wake ku Kuntaja. Perekaniperekani ali mkati, zokuzira mawu zinangoti zii. Mwini zidazo anayamba kumenyamenya mabatire thukuta lili kamukamu. Nellie anamanga chitenje, n'kubwereka mpeni kwa amayi ophika. Anapeza waya wopsa, n'kuudula, kuusenda ndi kuulumikizanso. Nyimbo inabwerera, amayi n'kululutira.

Akubwerera pamalo pake, bambo wina anamuimitsa. Anali a Gracian, amene ankamuphunzitsa zamagetsi kusukulu kuja.

"Kodi si Nellie uyu? Iwe, unalowera kuti?"

"Ndilipo, aphunzitsi. Mwezi ukatha ndikupita ku Joni, kukagwira yam'nyumba."

A Gracian anagwira pakamwa. "Yam'nyumba? Chaka chatha kampani ina inandifunsa ngati ndikudziwa munthu wodziwa masola. Ndinatchula iweyo. Nambala yako yakale sinkagwira, pa Facebook ndinakufunafuna osakupeza. Anatenga wina."

"Koma ine ndinakulemberani, aphunzitsi. Katatu konse."

A Gracian anatulutsa foni, Nellie n'kuwalozera. Panali duwa lija, ndi moni katatu.

"Aa! Ndiwe ameneyu? Ine ndimayesa ndi aja akuba pafoni. Amayamba chonchi, moni lero, moni mawa, kenako akuti tumizani kangachepe."

Nellie analira pomwepo, anthu akuvina. Anali ndi manyazi, komanso mtima unamuwawa kwambiri. Ntchito inamufunafuna ndi dzina lake, iye ali pakhomo pomwepo akuodira atadziphimba kumaso.

"Moni usasiye, ndi ulemu wathu," anatero a Gracian. "Koma moni, dzina lako, ntchito yako ndi chimene ukufuna zizibwera pamodzi. Munthu wotanganidwa sangakupatse mpando pafoni."

Atafika kunyumba anakhala pansi ndi mayi ake. "Amayi, ndabisa zaka zitatu. Ansanje sanandipeze, zoona, koma wondilemba ntchito nayenso sanandipeze."

Lolemba m'mawa a Rosemary anangomanga mpango n'kunena kuti, "Tiye. Bola undiphunzitse pokanikiza pojambula." Anapita limodzi kutchalitchi, Nellie n'kukwera padenga, mayi ake akujambula ali pansi. Zithunzi zoyamba zinatuluka Nellie alibe mutu. Anabwereza mpaka zinaoneka.

Sabata yonseyo ankati akasiya tomato ndi mnzake, n'kukwera kabaza kupita kulikonse komwe anagwirako ntchito. Ankapempha kaye eni ake asanajambule. Mwini golosale uja analola kuti mawu ake alembedwe, akuti sola yake yatha zaka ziwiri osavutapo. Nellie anachotsa duwa n'kuikapo nkhope yake, dzina lake lenileni ndi ntchito yake. A Gracian anamulowetsa m'gulu la pa WhatsApp la amisiri a zamagetsi, ambiri mwa iwo ophunzira awo akale.

Kenako analembera anthu khumi ndi mmodzi uthenga uwu: "Muli bwanji? Ndine Nellie wa ku Lirangwe, ndimaika ndi kukonza masola. Ndinaphunzira kwa a Gracian. Zithunzizi ndi za ntchito yanga. Ngati mukufuna munthu, ngakhale wa ganyu ya tsiku limodzi, chonde ndiyeseni."

Musaganize kuti mawa lake foni inalira. Ambiri sanayankhe. Awiri anati malo palibe. Wina anachita kulemba kuti akazi sakwera padenga, pamene chithunzi chili pomwepo. Pamsika ena anayamba kunong'ona kuti wa tomato uja wayamba kudzionetsera.

Mwezi unafika kumapeto alibe chilichonse m'manja. A Miriam anaimba kuchokera ku Joni.

"Galimoto ikunyamuka Lachisanu. Wakonzeka?"

"Azakhali, ndipatseniko miyezi iwiri."

"Malo sadikira munthu, Nellie. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ukakana, usadzandilirirenso."

Nellie anayang'ana Tawina, amene ankasewera pabwalo ndi zidutswa za waya. Nellieyo ankachita mantha, koma anayankha kuti, "Pepani azakhali, sindibwera." Lachisanu galimoto inapita popanda iye.

Anabwerera ku tomato wake, koma m'gulu la amisiri muja sanakhale chete, ndipo sanapemphemo ntchito tsiku ndi tsiku ngati ena. Wina akafunsa chifukwa chimene batire ikuthera moto msanga, Nellie ankayankha zimene ankadziwa. Pamene sankadziwa ankafunsa. Wina akafuna mmisiri kudera lakutali, iye ankatchula mnzake wokhala pafupi. Pang'ono ndi pang'ono dzina lake linayamba kudziwika.

Patatha masabata asanu, ali pamsika, foni inalira. Anali mayi wina dzina lake a Prisca, woyang'anira gulu loika mapampu a sola m'madimba a ku Chileka.

"Ndakhala ndikuwerenga mayankho anu m'gulu muja, zithunzi ndaziona, a Gracian ndawafunsanso. Ndili ndi ganyu ya masiku atatu. Mubwera?"

"Ndibwera, mayi. Nthawi yanji?"

Masiku atatu aja anasanduka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo lero Nellie ndi wantchito wokhazikika. Si wolemera ayi. Amadzuka m'mamawa, amapsa ndi dzuwa m'madimba, nthawi ya mvula amafika kunyumba matope ali m'mawondo. Koma amafika kunyumba, ndipo amene amathamangira kukamulandira katundu ndi Tawina. Chikwama chopitira ku Joni chija n'chimene amanyamuliramo mawaya.

Munthu wachilendo akamulembera "Muli bwanji?" osawonjezera kanthu, Nellie sadutsa. Amayankha kuti, "Ndili bwino, kaya inu. Ndinu ndani, mumagwira ntchito yanji, ndikuthandizeni chiyani?"

Ndiye inu amene mukuwerenga, tengani foni yanuyo muone. Kodi munthu amene akukufunani lero angakupezeni? Ikani dzina lanu lenileni, onetsani zimene manja anu amadziwa, funani aphunzitsi ndi anzanu akale, pakuti mutu umodzi susenza denga. Perekani moni, koma musaime pa moni pomwepo. Khumi akapanda kuyankha, lemberani wina. Musataye mtima, mwina ntchito yanu ikukufunafunani, koma ikungopeza duwa.