Iwe wa ku Spain

Mwana wanga wamkazi atasankhidwa ku yunivesite kuti akaphunzire teremu imodzi ku Spain, ine ndi amene ndinayamba kuphunzira Chisipanishi, ngakhale panalibe amene anandipempha. Nthawi imeneyo tinkakhala ku South C, mumzinda wa Nairobi ku Kenya, ndipo ndinkagwira ntchito yosanja makalata mu ofesi ina ku Gigiri. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma matenda owerenga chilichonse chondigwera m'manja sanandichokepo. Ndiye ndinagula kabuku kothothoka chikuto kwa anthu oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni, n'kumakawerenga m'matatu, maminibasi a kumeneko, popita kuntchito. Nyimbo zikugunda, kondakitala akukuwa, ine ndili pakona kutafuna mawu ngati mbuzi yobzikula. Mayi akunyumba ankati ndikanayamba ndamaliza kaye Chiswahili, poti zaka zonsezo pogula tomato ndinkalozabe ndi chala.

Lilime nalo silinkandithandiza. Ife Amalawi l ndi r timangowatenga ngati mapasa, pomwe m'Chisipanishi mawu a tsitsi ndi a galu amasiyanira pomwepo. Mwanayo asananyamuke ndinafuna kumudabwitsa pomuyamikira tsitsi lomwe anali atangoluka kumene. Anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti ndinamuuza kuti galu wake waoneka bwino.

Kumeneko anakafikira m'nyumba ya mayi wina wamasiye, wamkulu kuposa ine, yemwe ankasunga ophunzira ochokera kunja. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ine ndi mayi a mwanayo tinkapita kukamuimbira pa kashopu koimbira mafoni akunja, kuseri kwa butchala. Poyamba nkhani zinali zokoma: kuzizira, buledi wolimba ngati chikuni, anthu odya chakudya chamasana dzuwa litapendeka kale. Kenako mawu ake anayamba kuchepa. Lamlungu lina anauza mayi ake kuti akufuna kubwerako, teremu isanafike n'pakati pomwe. Tonse tinkadziwa kuti akabwerera ndiye kuti chaka chonse chawonongeka, ndipo mwayi wotere sakanampatsanso. Mayi ake anangondipatsira foni.

Ndinaganiza zoopsa: njala, tsankho, kapena kamnyamata kena. Sizinali zimenezo. Anandifotokozera kuti Chisipanishi chili ngati Chichewa, chili ndi iwe ndi inu. Tú ndiye iwe, usted ndiye inu. Zimenezi ndinkazidziwa kale, moti ndinatsala pang'ono kumuuza kuti kabuku kanga kanazilongosola bwino, koma ndinadzigwira. Iye chifikireni ankawatchula mayi aja usted, polandira mbale ankapinda bondo, polankhula nawo ankayang'ana pansi. Mayiwo poyamba ankaseka, kenako anayamba kudandaula. Ankamufunsa kuti anamulakwira chiyani, bwanji akuwalankhula ngati ndi apolisi, pomwe m'nyumbamo aliyense ndi tú. Mwana akati ayese, tú uja sankatuluka. Ndiye anangosankha kukhala chete, kudya msangamsanga n'kukadzitsekera kuchipinda. Mayi aja anaona ngati mlendo wawo akunyansidwa nawo, ndipo anali atafunsa kale ku yunivesite ngati sikungakhale bwino kumupezera nyumba ina.

"Adadi, munandilera ndinu nomwe," anatero. "Ndiyambira pati kunena iwe kwa munthu wa imvi?"

Sankanama. Polera mwana kutali ndi kwathu, ndinkaopa kuti Chingerezi cha ku Nairobi, chomwe khanda ndi nkhalamba amaitanidwa mofanana, chimuthera ulemu. Kunyumba kwathu inu anali ngati lamulo la boma.

Ndinaima m'kachipinda ka foni kaja thukuta lili kamukamu, anthu a pamzere akutsokomola dala kumbuyo kwanga. Ndinayamba kumupatsa nzeru za m'mabuku, zoti dziko lililonse lili ndi ulemu wake. Anandidula. Anati zimenezo akuzidziwa, anaphunzira ngakhale m'kalasi, koma vuto si mutu, ndi pakamwa.

Nzeru zitandithera, ndinamuuza kuti ayesere pa ine.

"Undifunse m'mene ndadzukira, koma unene tú. Ndakuloleza ndine."

Anakana, akuti amayi akumva. Mayi ake, omwe anali atakanikiza khutu kuseri kwa foni, anayankha kuti iwo Chisipanishi sachimva, ndiye ngati pali tchimo likhala la ife awiri. Kenako ndinamva motsitsa kwambiri:

"¿Cómo estás tú, papá?"

Ndisaname, zinandibaya. Ndikanakhala kuti sindinawerenge kabuku kaja ndikanangomva kaphokoso kokoma, koma kukonda zowerenga kwangako kunandichititsa kumva bwinobwino mwana wanga wobereka ndekha akunditchula iwe. Ndinayankha m'Chisipanishi changa cha m'matatu kuti ndili bwino. Ndinamuuza kuti sindinamve, abwereze mokweza. Anabwereza. Ndinati foni ikusokosera, abwerezenso. Apo anali atayamba kuseka, mphuno ili yotsekeka ngati munthu amene wangosiya kumene kulira. Anati ayesa kwa mayi aja mawa m'mawa, koma ndisayembekeze zambiri.

Sabata imeneyo makalata a anthu ndinawasanja mosokoneza ndithu.

Lamlungu lotsatira mwanayo anayamba kulankhula tisanamalize n'komwe moni. Anati tsiku loyamba analephera, koma lachiwiri anatseka maso n'kuwafunsa mayi aja, ndi tú, ngati agona bwino. Mayiwo akuti anasiya mpeni wodulira buledi, anamupsompsona masaya onse awiri, kenako anayamba kumukalipira kuti waonda, ndipo kuyambira tsiku limenelo azidyera pathebulo mpaka mbale iyere. Za nyumba ina sizinatchulidwenso. Mayi ake atamufunsa za kubwerako, anati abwera teremu ikatha ngati anzake onse.

Kenako anati mayi aja ali pomwepo ndipo akufuna kundipatsa moni. Mawu amphamvu anadzaza foni, akuthamanga ngati matatu yopanda mabuleki, ndipo ndinangotolapo tú apa ndi apo. Ndinali wokonzeka, poti yankho langa ndinali nditaliloweza m'njira monse. Ndinakonza pakhosi, ndinatsegula pakamwa, koma chomwe chinatuluka chinali usted, mutu nditaweramitsa m'kachipinda ka foni ku South C. Chapatali ndinamva mwana wanga akuseka, akuwauza mayi aja kuti andikhululukire, adadi akewo ndi ofunika kuwatenga pang'onopang'ono.