Ambuya Tembo, mlonda wa dziwe la mpumbu

Ndikakumbukira ambuya Tembo, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la matope opsa ndi dzuwa la Okutobala, losakanikirana ndi utsi wa fodya wawo wopichira m'pepala. Sanali agogo anga enieni. Nyumba yawo inali kuseri kwa khola lathu la mbuzi, kwathu ku Shikabeta, ndipo m'mawa ndikamasesa pabwalo ndinkamva chidebe chikulira panjinga yawo akamatsetsereka kupita kumtsinje wa Lunsemfwa, kumene ankatola tiana ta nsomba m'zithaphwi zoyamba kuphwa n'kukatithira m'dziwe lalikulu.

M'dziwemo ndimo munkabisala mpumbu, nsomba ya milomo yochindikala imene inkakwera mtsinje ndi mvula yoyamba kukaikira mazira. Inali itatsala pang'ono kutha. Anthu ankaikokolola ndi maneti a udzudzu, ena ndi buba, masamba oti ukasinja n'kuthira m'madzi chilichonse chimayandama, ndi achule omwe. Ndiye mudzi wonse unagwirizana kuti dziwelo litsekedwe, ndipo pofuna mlonda anasankha ambuya Tembo. Chifukwa chake anachinena poyera, uku akuseka: iwo ndi akazi awo, ba Esinati, anachokera ku Petauke, analibe mwana, analibenso mbale pamudzipo woti n'kuwanyengerera. Anawaombera m'manja. Ine ndimaona kuti tsiku limenelo ndilo anawapatula.

Poyamba zinali zoseketsa. Ankawatcha ba Mpumbu, ati milomo n'chimodzimodzi, iwonso ankaseka nawo. Koma pang'ono ndi pang'ono moni unayamba kufupika, ndipo pamowa akafika nkhani zinkatha.

Chilimwe china kunagwa maliro a munthu wa abale ambiri, ndiwo kunalibe. Amuna anabwera kwa ambuya ine ndili pakhonde pawo, ndikuswa mtedza ndi ba Esinati.

"Ba Tembo, aya ni malilo," anatero mchimwene wa malemuyo. "Tithileko buba kamodzi chabe, bantu badye."

Ambuya anawayankha kuti:

"Mukathila lelo, mailo nizalonda chani? Matope? Tengani mbuzi yanga."

"Mbuzi yanu sungani. Naimwe muzalila."

Ba Esinati anasiya kuswa mtedza. Kwathu mawu amenewo salankhulidwa mwamasewera: wokana anzake pamaliro, ake amalira yekha.

Chaka chotsatira, nyengo yomweyo ya dzuwa, ba Esinati anadwala. Anawatengera kuchipatala ku Mpanshya, anabwerako, ndipo anamwalirira pamphasa yawo. Amayi anga ndi amayi anzawo ochepa a kwaya anakhala m'nyumba akuimba motsitsa mawu. Panja, pamene amuna amayenera kukhala, panali mipando ndi nkhuku basi. Wina akuti msana, wina akuti ali kudimba. Atate anali kuntchito ku Lusaka.

Dzuwa litakwera amayi anandipatsa chigubu cha madzi kuti ndikasiye pafupi ndi manda, poti ana sitinkaloledwa kulowako. Kumanda kukamakumbidwa kumamveka makasu ambiri, ndi nthabwala zomwe. Tsikulo ndinamva khasu limodzi, likugunda nthaka youma, kupumira, kugundanso. Ndinapitirira pamene anandiuza kuti ndiime. Ndinawapeza ambuya ali m'dzenje lofika m'chiuno, atavula malaya, nthiti zikuwerengeka, fumbi lofiira litamatirira pa imvi.

"Ambuya, kulibe okuthandizani?"

Anamwa madzi, n'kupukuta pakamwa ndi mkono.

"Wamene anali kunithandiza ndiye uyu nikumbila, mwanangu. Yenda, kuno si kwa bana."

Madzulo anyamata a kutchalitchi anabwera ndi nkhope zamanyazi kudzanyamula bokosi, koma dzenje anapeza latha. Ndinkaganiza kuti ambuya asiya ulonda. Masiku olira atangotha anatsetserekanso kumtsinje, ndipo ine ndinadana nayo nsomba ija, ndinadana nawonso pang'ono iwo chifukwa chosakwiya. Kuyambira pamenepo ankadyera okha pakhonde, atayang'ana kukhoma.

Patapita zaka, mpumbu inabwerera. Dziwe limatsegulidwa nthawi yozizira, mbedza zokhazokha, ndipo palibe amatchulanso buba. Ambuya anamwalira ine nditakwatiwa ku Chinyunyu. Nditafika ndinapeza bwalo ladzaza, amuna akulimbirana kulowa m'dzenje, ena omwe aja a misana. Mbale zitabwera, ndiwo inali mpumbu, yonona, yokwanira aliyense. Anthu ankanyambita zala n'kumati malemu anali munthu wolimba mtima. Ine zinandiwawa, moti ndinangomwa madzi.

Lero ndikamva kuti kwagwa maliro, sindifunsa kuti malemu ankakhala bwanji ndi anthu. Ndimafunsa kuti kumanda kwapita ndani. Amuna anga anazolowera: akangondiona ndikumanga chitenje, iwo amakatenga khasu.