Mabotolo asanu, mitundu inayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene izi zinachitika, koma ndisanapite patali ndiyambe ndatchula mboni zanga, chifukwa ndikudziwa mmene anthu amandionera. Yoyamba ndi Alidi, amene ndinkakhala naye desiki imodzi. Lero amakonza njinga za kabaza pafupi ndi msika wa Balaka, ndipo mukamufunsa adzakuuzani zonse, bola muyambe mwamupatsa moni. Yachiwiri ndi Rozina, amene anakwatiwa kwa Kalembo. Iyeyo adzakana zina, ndipo mumva chifukwa chake. Yachitatu ndi Che Amidu, mmisiri womanga nyumba. Iwowo anatisiya kalekale, koma anali munthu wosanama, moti ngakhale ali kumanda umboni wawo ukulemerabe kuposa wa enafe amoyo.

Ndinali mu Sitandade 6 pa sukulu ina ya mishoni kwa Nsamala, ulendo wapansi kuchokera pa siteshoni ya Balaka. Unali mwezi wa Okutobala. Amene sanakhaleko ku Balaka mu Okutobala asanditsutse: chaka chimenecho ndinaona ndi maso angawa buluzi akuwoloka njanji atanyamula miyendo iwiri m'mwamba, uku akusinthanitsa, kuopa kupsa.

Aphunzitsi athu a sayansi anali a Magombo, bambo aafupi, a tayi yofiira, osasiyana ndi kamkwapulo kawo ka nsungwi. Tsiku lina analowa m'kalasi ndi nkhani ziwiri. Yoyamba inali yoti kukubwera woyendera sukulu, ndipo gome lathu la zachilengedwe linali ndi mwala umodzi ndi chisa cha mpheta basi. Yachiwiri inali yoti abambo a pamishoni apeza malo khumi m'sitima, oti ana akaone nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Blantyre.

"Wofuna kukwera sitima," anatero, "abweretse mitundu isanu ya akangaude. Amoyo. Aliyense m'botolo lake. Ndati mitundu isanu, osati akangaude asanu. Mwamva?"

"Tamva, sala!"

Ine ndinabadwira pomwe kulira kwa sitima kumamveka, koma sitimayo ndinkaidziwa kunja kokha, ngati dzungu la eni. Ndinatsimikiza mumtima kuti pa mipando khumiyo umodzi ndi wanga.

Atatu oyamba sanandivute. Wa miyendo ngati ulusi ndinamutenga kudenga la bafa, wophwatalala uja ndinamupeza kuseri kwa kalendala, ndipo wamkulu wachikasu anali atatchera ukonde wake m'munda wa nandolo. Koma kalasi yonse inali pa ulenje womwewo. Pomwe ankatha masiku atatu, kwa Nsamala konse kangaude anali atasowa kuposa shuga.

Wachinayi ndinamupeza kuseri kwa sitolo ina pafupi ndi siteshoni, pomwe Che Amidu ankamata ming'alu ya khoma mvula isanabwere. Kunena zoona sindinamuone iyeyo, ndinaona khomo lake. Pa mng'alu wina panali kabowo kolowa nsonga ya pensulo, ndipo kuzungulira kabowoko panali ukonde wotuwa, wosokonekera, wotambalala mbali zonse ngati thonje limene mwana walikoka ndi zala. M'kati mwa bowomo munkaoneka timiyendo tiwiri takuda.

Ndinatokosa ndi kamtengo, iye n'kulowa m'kati. Ndinathira madzi, anangomwa. Tsiku lachiwiri ndinafukiza utsi wa sanza, ndipo eni sitolo anandithamangitsa mpaka kunjanji akuti ndikufuna kuwaotchera katundu. Tsiku lachitatu ndinangokhala pansi ndi kumuchonderera ndi mawu. Achinyamata awiri a chipani, omwe ankafunsa makhadi pachipata cha msika, anabwera kudzafunsa chimene ndinkanong'onezana ndi khoma. Masiku amenewo munthu woyang'anitsitsa chinthu chimodzi nthawi yaitali ankayenera kukhala ndi yankho. Ndinati ndi za sukulu. Anasuzumira nawo m'bowomo, sanapeze cholakwa, anapita.

Apo m'pamene Che Amidu anatsika pamakwerero awo.

"Iwe Dominiko, masiku atatu ukugogoda pakhomo la mayi ameneyu ngati wokhometsa msonkho. Iweyo ungatuluke?"

Anathyola kaudzu kowonda, nakhudza ulusi umodzi wa m'mphepete, n'kumanjenjemeretsa dzanja pang'onopang'ono ngati ntchentche yokodwa. Sipanapite nthawi. Panatulukira kangaude wakuda bii, wonenepa, wa ubweya wosalala ngati khungu la mfuko. Mmisiri uja anatseka bowo kumbuyo kwake ndi chitsulo chomatira, kangaude n'kugwera m'botolo langa, chagada, miyendo atapinda.

"Mwamupha, Che Amidu!"

"Ngwamba, sanafe. Akunama. Ndi mnzako ameneyu."

Anandiuza kuti ndigwire ukondewo. Unalibe ulimbo ngati wa akangaude ena, koma unakakamira ku chala changa mmene chisoso chimakakamirira ku sokosi. Iwo anati mayiyo amapesa ulusi wake ndi mwendo wakumbuyo mpaka uchite manyunyu, ndiye kachilombo kakapondapo, minga ya ku miyendo yake imakola yokha. Ndinaganiza kuti akundiseka. Koma nditamuikira kachibuma ka dothi m'botolo, ndinamuona akupesadi, mwendo uli phe-phe-phe, mofulumira kuposa achemwali anga Lamulungu m'mawa.

M'mawa mwake, popita kusukulu, ndinapeza wachisanu pa khoma lomwelo. Ameneyu anali woyererako ngati udzu wouma, wowonda, miyendo italiitali, ndipo kutsogolo kwa kamwa anali ndi timanja tiwiri totalika topindika ngati munthu wodzapempha moto. Ndinamuvundikira ndi botolo n'kuyamba kuvina.

"Wagwira mwamuna wake," anatero Che Amidu, osatembenuka n'komwe.

"Iyayi, Che Amidu, taonani bwino. Uyu ngoyera, uja ngwakuda."

"Bambo ako ndi mayi ako amafanana? Ine ndagumula makoma tsitsi lakuda mpaka imvi. Wakudayo satuluka, amakalambira mumng'alu momwemo, chaka ndi chaka kufundula ngati njoka. Woyerayu alibe nyumba. Nthawi yake ikakwana amangoyenda khomo ndi khomo kufuna mbeta, ndipo sakhalitsa, amafa."

Nditamufotokozera Alidi panjira, anaima n'kundigwira kolala.

"Wallahi, Dominiko, mabotolo ndi asanu. Pakamwa pakopo usoke."

Lolemba a Magombo anawerenga mabotolo anga, nalemba dzina langa pamndandanda, nambala teni. Ndinaliona ndi maso, inki isanaume. Kenako anakweza mabotolo awiri aja kuti kalasi yonse ione.

"Apa ndiye pali phunziro. Uyu wakuda, wonenepa, miyendo yaifupi. Uyu woyera, wowonda, miyendo yaitali. Mitundu iwiri yosiyana ngati mbuzi ndi nkhuku."

Dzanja langa linadzuka lokha. Ndikulumbira pali malemu bambo anga, ine sindinalitume. Alidi anandiponda phazi mpaka chikhadabo chinasintha mtundu, koma mawu anali atatuluka kale.

"Sala, amenewo ndi banja."

Kalasi inafa ndi phwete. Vuto linali loti mwezi wapitawo ndinali nditawauza za mlamba umene amalume anagwira mu Shire ku Liwonde, womwe m'mimba mwake anapezamo njinga, belu likulirabe. Nkhaniyo inali yoona, koma inandionongera mbiri.

"Wakuuza ndani?"

"Che Amidu omanga nyumba, sala."

"Che Amidu akowo sayansi anaiphunzira ku koleji iti? Yapamakwerero?"

Anandikumbutsa kuti kumvera ndi imodzi mwa ngodya za dziko lathu, ndipo mwana wotsutsa mphunzitsi lero, mawa atsutsa boma. Anandikwapula zinayi. Yachitatu inamveka mpaka kusiteshoni, anthu n'kumati tayala la lole laphulika. Anawonjezera chilango choti ndisese kudenga kwa makalasi onse ndi tsache lalitali, pokonzekera mlendo uja.

Tsono mvetsani apa, chifukwa m'pamene pamandipweteka mpaka lero. Atandikwapula, dzina langa silinafufutidwe. Linali pomwepo, nambala teni. Ndikanangokhala chete, kupirira matako, n'kukwera sitima. Koma masiku atatu ana anzanga ankati akandiona, "Akwati ali bwanji? Chinkhoswe n'liti?" Bodza ndikanenedwa nalo pa nkhani zina sindinkadandaula. Koma kunenedwa wabodza tsiku limene ndanena zoona zokhazokha, zopanda n'kamchere komwe, zinandikanika kumeza.

Lachinayi ndinapempha kuti akangaude awiri aja tiwaike m'botolo limodzi.

"Wakudayo amudya mnzakeyo," anatero a Magombo, "ndipo utsala ndi anayi."

"Sangamudye, sala."

Masamu sindinkakhoza bwino. Ndikanakhala wokhoza, ndikanaona kuti akamudya ndaluza, akapanda kumudya ndaluzanso.

Anayamba ndi kuponyamo ntchentche, kuti tione khalidwe la mayiyo. Ntchentche sinatsanzike n'komwe. Kenako anakutumuliramo woyera uja. Kalasi yonse inaunjikana pagome, fungo la thukuta ndi choko lili thoo. Bambo uja anaima m'mphepete mwa ukonde nthawi yaitali, ngati mkamwini woyamba kufika kwa apongozi. Kenako anayamba kugogoda ulusi ndi timanja take tija, pang'onopang'ono. Wakuda anatuluka pansi pa chibuma. Rozina anatseka maso. Koma mayiyo sanalumphe mmene anachitira ndi ntchentche. Anatambasula miyendo yakutsogolo, winayo n'kuikola ndi yake, nagwirana choncho, kukokana pang'ono, kusiyana, kugwirananso.

A Magombo anatulutsa galasi lawo lokuzira zinthu, limene palibe mwana ankaloledwa kulipumira. Anayang'ana nkhope ya wakuda, nayang'ana ya woyera, nabwerezanso. Kenako anandipatsa ine. Onse awiri anali ndi maso asanu ndi atatu, ounjikana pa kachulu kamodzi pamphumi ngati anapiye m'lichero. Atatu anga ena aja maso awo sanali choncho.

Ndisawanamizire a Magombo, anali mphunzitsi weniweni. Anakonza tayi yawo n'kunena mokweza kuti, "Kalasi, Dominiko wanena zoona. Awa ndi mtundu umodzi, mwamuna ndi mkazi. Muombereni m'manja."

Anaomba. Ine ndinadzimva ngati mfumu. Ndinamuyang'ana Alidi, koma iye anali atagwira mutu ndi manja onse awiri. Aphunzitsi anatsegula cholembera.

"Ndiye kuti uli ndi mitundu ingati, Dominiko?"

Ndinawerenga ndi zala.

"Inayi, sala."

"Mndandanda ukupita kwa abambo belu likalira. Thamanga."

Ndinathamanga. Koma sukulu yonse inali itapakidwa laimu, ndipo kudenga konse ndinali nditasesa ndekha, bwinobwino, ndi mkwiyo. Ndinalowa m'zimbudzi zonse, za atsikana zomwe. Ndinatembenuza miyala, ndinakwera mtengo wa mango, ndinasuzumira m'chitsime. Sindinapeze kangaude ndi mmodzi yemwe. Belu likulira ndinafika ndi nyerere yaikulu m'manja, n'kunena kuti ndi kangaude amene anachita ngozi, miyendo iwiri inaduka. A Magombo sanandikwapule. Anangojambula mzere wowongoka ndi rula pa dzina langa.

Malo anga anapatsidwa kwa Rozina. Ndinena pano zimene ndakhala ndikunena zaka zonsezi: kangaude wake wachisanu anali mtundu womwewo ndi wachiwiri, kungoti anali atamugoneka ndi njala.

Woyendera sukulu atabwera, anapeza botolo langa lili pakati pa gome, ndi kapepala kolembedwa ndi dzanja la aphunzitsi. Anawerama, nafunsa mafunso, nagwedeza mutu. "Tinachita kafukufuku," anatero a Magombo. Ine ndinali kumbuyo, pafupi ndi matsache.

Tsiku la ulendo sindinapite kusiteshoni. Ndinatenga botolo kukabweza mayi uja kwawo, koma ndinapeza Che Amidu atamata kale mng'alu wonse, khoma lili see. Ndinapita naye kwathu n'kumuika pa mng'alu wa khoma la khitchini. Mwamuna wake anafa mvula isanakhazikike. Iye anakhala pamenepo, kupesa ulusi wake ndi kutaya zikopa zakale pakhomo, mpaka ine ndinafika Fomu 2.

Nditakula ndinamva kuti akatswiri anawapatsa akangaude a m'ming'alu amenewa banja lawolawo, ndi dzina lachilatini lotalika kuposa kangaudeyo. Akuti poika zamoyo m'magulu sakhulupirira khungu kapena kunenepa. Amayang'ana kakhalidwe ka maso, chipeso cha kumwendo, kapangidwe ka ziwalo, zinthu zimene munthu wothamangira kuwerenga mabotolo sangazione. Mmisiri wa dothi anafika pomwepo popanda galasi, chifukwa anakhala nawo pafupi zaka zambiri.

Adzukulu anga akamandifunsa ngati ndimanong'oneza bondo, ndimawauza kuti iyayi, ndipo limenelo ndi bodza lokhalo limene ndimanena. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti a Magombo sanandilande mpando uja. Anandipatsa zimene ndinapempha, ndendende. Ndinkafuna zinthu ziwiri, kukhulupiriridwa ndi kukwera sitima, osadziwa kuti pa tsiku limenelo zinali pa mtengo umodzi wa sikelo, china chikakwera china chitsika. Choonadi ndichinenabe, ndipo ana ndimawauza kuti azichinena. Koma ndimawauzanso kuti asanakweze dzanja, ayambe afunsa mumtima kuti, ndikapambana mlanduwu, nditsala ndi chiyani m'manja?