Ulemu wa Amuna Anga Unagwetsa Mtengo wa Nyumba

Pogula fulati yathu, nyumba ya m'chinyumba chosanjikizana, ku Dennistoun mumzinda wa Glasgow, ndalama yoyambira inali yochepa, ndiye a banki anatiikira inshuwalansi yapadera yowateteza iwowo tikalephera kubweza ngongole. Anati idzachoka nyumbayo ikadzakwera mtengo. Kuti tizikwanitsa, ndinkagwira ntchito ngakhale Loweruka kumalo osamalirako okalamba, ndipo ndinali nditatoperatu.

Nyumba za mumsewu wathu zitayamba kudula, tinapempha kuti atichotsere inshuwalansi ija. A banki anatumiza munthu wodzayesa mtengo wa nyumba. Ine ndinali kuntchito, choncho anamulandira ndi amuna anga.

Amuna angawa ndi mkulu wa mpingo, ndipo analeredwa kuti mlendo akayamikira chinthu chako, usavomere, uchinyozeko pang'ono. Paja kwathu ukaphera mlendo nkhuku yonona umati, "Pepani, ndiwo zake ndi zomwezi." Ndiye mzungu wodzayesa mtengoyo atati khitchini ndi yokongola, iwo anati ayi, n'zotchipa izi, ndinangokhomakhoma ndekha. Atayamikira mawindo, anati amalowetsa mphepo. Kenako, osafunsidwa n'komwe, anamuuza kuti denga linkadontha. Zoti tinasonkherana ndi anansi n'kulikonza kalekale sanatchule, poti kumeneko kukanakhala kudzitama.

Mtengo unabwera wotsika zomvetsa chisoni, ndipo a banki anati inshuwalansi ikhalabe. Ndinapsa mtima.

"Abambo, munamuuza chiyani munthu uja?"

"Tinangocheza bwinobwino, mayi. Munthu waulemu kwabasi." Ndipo anandifotokozera zonse, nkhope ili gwa.

"Ndiye munanyoza nyumba yanu yomwe?"

"Nanga mumati nditani? Ndidzitame pamaso pa mlendo?"

"Si mlendo ameneyo, ndi wa banki! Chilichonse amalemba!"

A banki anati kutsutsa n'kololedwa, bola pakhale umboni. Ndinakwera ndi kutsika masitepe kugogoda kwa anansi, mpaka mayi wachikulire wa pansi pathu anandipatsa zithunzi za denga likukonzedwa. Ndinafufuzanso mitengo ya mafulati ofanana ndi yathu amene anagulitsidwa chaposachedwa. Pafoni a banki ankandisiya ndi nyimbo mpaka khutu kutentha, koma sindinafooke. Paja khama limapindula. Anatopa nane n'kuvomera kutumiza munthu wina.

Tsiku lobwera munthuyo ndinapempha tchuthi. Ndinawauza amuna anga kuti mawu awo ndi awiri basi, othokoza, zina zonse ndiyankha ndine.

Anabwera mayi wamtali wa nsapato zonyowa ndi mvula. Atangolowa m'khitchini anati ndi yokongola. Ndinaona pakamwa pa amuna anga pakutseguka, ndiye ndinawaponda phazi.

"Thank you," anatero, ngati akumeza kwinini.

Mayiyo atapita, amuna anga anakhala pampando thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti chibadwire sanachitepo manyazi otere. Ndinawaphikira tiyi, poti anayesetsa ndithu.

Foni ya a banki inandipeza m'basi ndikuchokera kuntchito. Mtengo unakwera, inshuwalansi yachoka. Ndinangomva thupi lonse kumasuka, misozi n'kuyamba yokha, anthu akundiyang'ana. Ndisanatsike n'komwe ndinaimbira abwana kuti andichotse pa Loweruka.

Loweruka loyambalo ndinagona mpaka kunja kutayera. Mwana wathu wamkazi anasuzumira pakhomo, n'kundifunsa m'Chingerezi chake cha ku Glasgow ngati ndadwala. Ndinamuuza kuti ayi, ndili bwino, ndangokhala pakhomo. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anakwera pabedi n'kulowa m'bulangete.