Amayi Anakapepesa Ngozi ya Ndege

Amayi anafika ku Rotherham, ku England, nyengo yozizira, atavala majuzi awiri ndi chitenje pamwamba. Kwa ine ankangodutsirako. Ulendo weniweni unali wa ku Canada, kumene mng'ono wanga anali woyembekezera, mimba yoyamba, masiku atayandikira. Kwathu mwana woyamba sasambitsidwa ndi mlendo, ndiye tikiti inali itagulidwa kale, ndege yonyamukira ku Manchester.

Ine ndinali ndi nkhani yondiyabwa pakamwa. Pakhomo loyandikana ndi lathu pankakhala bambo wina wokalamba kwambiri, mzungu, amene ndinkawatulutsira mabini a zinyalala ndikaweruka ku ntchito yanga yosamalira okalamba. Ali mnyamata ankagwira ntchito ya wailesi m'ndege zonyamula katundu, zija zinkadzera kumpoto kwenikweni popita ku America. Ulendo wina injini zinazima, ndege n'kutera chamimba pa madzi oundana a ku Greenland, n'kumatsetsereka ngati mbale pa tebulo lonyowa. Onse anatuluka amoyo! Nkhaniyi inandilowa m'magazi. M'basi ndinkangowerenga za ndege zakale zimene zinagwa kumeneko, zina zokwiririka mpaka lero. Anzanga a ku tchalitchi anafika pomandithawa.

Ndiye amayi atafunsa kuti ndege yawo idzera kuti, ndinatsegula mapu pafoni n'kuyambapo. Ndinafotokoza ndi manja omwe, kuchita kuimirira, kusonyeza mmene mapiko anathyokera. Nditamaliza, amayi anaika kapu ya tiyi pansi.

"Ndiye ukufuna ndikadutse pamenepo?"

"Amayi, izo n'zakalekale. Ndege za masiku ano n'zina."

"Nanga madziwo ndi ena?"

Anakana kwamtuwagalu. Abusa anabwera kudzapemphera, mng'ono wanga analira pafoni, koma amayi anati mafupa awo sakasungidwa m'firiji. Ndinapsa mtima, komanso ndinachita mantha kuti mwana wa mayi anga achira yekhayekha kudziko la eni.

Tsiku lina m'mawa amayi anandifunsa zina.

"Bambo anagwawo, unapita kukawapepesa?"

"Kupepesa chiyani? Zinachitika inu muli kamtsikana."

"Iwe, munthu wapulumuka pa ngozi, khomo ndi khomo, osakamuona? Tinakulera chonchi?"

Ndinaseka mpaka misozi, koma iwo sankaseka. Anatenga paketi ya shuga ndi nthochi, n'kutsogola. Titalowa anagwada pafupi ndi mpando wa bambowo, ine n'kukhala womasulira.

"Uwauze kuti pepani ndi ngozi ija. Tinamva mochedwa."

Ndinamasulira ndikuluma milomo. Bambowo anayamba kuseka, kenako kuseka kuja kunathera panjira. Anati atabwerera kwawo anangofunsidwa mafunso ndi akuluakulu, n'kupatsidwa ndege ina. Pa moyo wawo wonse panalibe anawauzapo kuti pepani. Anagwira dzanja la amayi, ndipo nkhani inatseguka kuposa mmene ankandiuzira ine.

Eee, tsiku limenelo ndinamasulira mpaka kukhosi kuuma! Anafotokoza mmene ankagonera mothithikana m'kati mwa ndege yosweka, kuotcha mafuta m'chitini, iwo akugogoda wailesi ndi zala zosamva kanthu. Chakudya chinatha, mphepo ikuwomba osaleka. Kenako m'mawa wina anamva agalu kuuwa. Anali anthu a komweko, atabwera pa ngolo zopanda mateyala zokokedwa ndi agalu, nkhope zitasweka ndi chisanu. Anawafunditsa zikopa n'kuwanyamula mmodzimmodzi. Amayi ankangoti "Mayo ine!" n'kumandikodola kuti ndifulumire kumasulira.

"Afunse, anthuwo anali abale awo?"

Bambowo anapukusa mutu. Sankadziwana, ngakhale chilankhulo sankamvana.

Amayi anatsazika mwaulemu, tinatuluka. Tili pakhomo pathu, ndikufufuza makiyi m'chikwama, anayankhula akuyang'ana msewu.

"Anthu kuyenda m'chisanu ndi agalu kukatenga ana a eni ake. Ine wanga wobereka ndekha akundidikira, ndili pano kumwa tiyi. Tsitsa sutikesi ija."

Ndinakuwa ndi chimwemwe mumsewu wa azungu, makatani n'kumasuntha m'mawindo. Sindinasamale. Ndinakwera masitepe chothamanga, kuopa kuti angasinthe maganizo.

Ku Manchester analowa pageti osacheuka, ndinawaona ndi maso angawa. Patapita masiku foni inalira ndili pa ntchito, ndipo ndinathamangira kukhitchini kukayankha. Pa vidiyo panaoneka beseni, kamwana kofiira kakulira mokweza, ndi manja a amayi akukasambitsa. Ankakalipira mpongozi wawo kuti madzi wawaziziritsa. Mng'ono wanga anali pabedi kumbuyoko, atafunda bulangeti, ali m'tulo tofa nato.